Masipini amene saima mwadongosolo ngakhale pa 0 kelvini: kodi quantum spin liquid inapezekadi?

Wophunzira_Fizikisi:
Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira pamene tinayamba phunziro la maginito a m'zinthu zolimba. Tinaphunzitsidwa kuti elekitironi iliyonse ili ndi sipini, imene imaichititsa kukhala ngati kamaginito kakang'ono, ndiponso kuti chinthu chikazizira mokwanira timaginito timeneti timaima mwadongosolo: mu chitsulo timaloza mbali imodzi, pamene mu manganese oxide theka limaloza mbali ina ndipo theka linalo limaloza mbali yotsutsana nayo. Zimenezi ndinazimva bwino. Koma kumapeto kwa phunzirolo kunatchulidwa chinthu chotchedwa quantum spin liquid, chimene akuti masipini ake saima mwadongosolo ngakhale kutentha kutatsika kufika pa 0 kelvini, malire a kuzizira konse. Ngati kutentha konse kwachotsedwa, n'chiyani chimene chikuletsa masipiniwo kuima? Ndipo kodi chinthu chimenechi chinafikapo m'manja mwa munthu, kapena chili pa pepala pokha?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwafunsa bwino mwana wanga, ndipo ndiyamba ndi dzinalo chifukwa ndi limene limasokeretsa ambiri. Chinthucho si chamadzimadzi ayi. Ndi kristalo yolimba, ndipo maatomu ake ali pa malo awo. Chimene chikuyerekezedwa ndi madzi ndi masipini okha, amene amamvana kwambiri ndi anzawo oyandikana nawo koma osapanga mndandanda wobwerezabwereza wofika kutali.

Gwero la nkhaniyi ndi chimene akatswiri amachitcha frustration, dzina limene linafala ndi ntchito ya Gérard Toulouse ya mu 1977. Tengani pepala mujambule madontho atatu opanga makona atatu ofanana mbali zonse, ndipo lamulo likhale lakuti sipini iliyonse ikufuna kuloza mbali yotsutsana ndi ya mnzake woyandikana naye. Pa dontho loyamba jambulani muvi woloza kumwamba, pa lachiwiri muvi woloza pansi, kenaka ikani pensulo pa dontho lachitatu. Mukaloza kumwamba mwalakwira loyamba, mukaloza pansi mwalakwira lachiwiri, ndipo mudzangokhala chigwirire pensuloyo. Pa ukonde wa makona anayi vutoli kulibe, chifukwa mivi imatha kusinthana popanda wodandaula. Gregory Wannier anawerengetsa mu 1950 kuti pa ukonde wonse wa makona atatu, ngati mivi ikuloledwa kuloza kumwamba kapena pansi pokha, pali njira zosawerengeka zoikira miviyo zokhala ndi mphamvu yotsikitsitsa yofanana, kotero kuti dongosolo silibwera ngakhale pa 0 kelvini.

Pa za chimene chikuwaletsa kuima, kumbukirani helium. Iyi siiundana pa kuzizira kulikonse pokhapokha itapanikizidwa ndi mphamvu yoposa ya mpweya wotizungulira pafupifupi ka 25, chifukwa malamulo a kwantamu salola tinthu topepuka kukhala chete kotheratu. Masipini aang'ono kwambiri, a 1/2, nawonso amapitiriza kugwedezeka mwa njira yofanana ndi imeneyo.

Wamasamu:
Zikomo aphunzitsi, chitsanzo cha pensulo chija n'chimene inenso ndimayambira. Ndiloleni komabe ndikonze mawu amodzi, akuti kugwedezeka, chifukwa angapatse mnzathuyu chithunzi cha mivi imene ikutembenuka uku ndi uku pamene nthawi ikupita. Pa mphamvu yotsikitsitsa palibe chimene chikusintha ndi nthawi. Chimene chilipo ndi mkhalidwe umodzi wa kwantamu, wosasintha, koma wopangidwa ndi mikhalidwe yambirimbiri yophatikizidwa pa nthawi imodzi. Chitsanzo cha Wannier chimasiyana ndi chimenechi, popeza kumeneko kristalo ili mu mkhalidwe umodzi mwa yambiri yofanana mphamvu, pamene kuno ili mu yonse pamodzi.

Ganizo limeneli linachokera kwa Philip Anderson mu 1973. Masipini awiri a 1/2 amene akufuna kutsutsana angathe kumangana kukhala chimene timachitcha singlet, mmene simunganene kuti uyu waloza kumwamba ndipo uyo waloza pansi, koma mukudziwa motsimikiza kuti akaphatikizidwa sipini yawo ndi 0. Ngati mphamvu ya kukokana kwawo tiitcha J, awiri ongotsutsana ngati mivi ya pa pepala amapeza −J/4, pamene awiri omangana mu singlet amapeza −3J/4, ndiye kuti phindu lake ndi lalikulu katatu. Vuto ndi lakuti sipini imene yamangana kotheratu ndi mnzake mmodzi singapindule kanthu kwa anzake ena otsalawo. Anderson anati pa ukonde wa makona atatu kristalo ingathe kupewa kusankha: itenge njira zonse zogawira masipini awiriawiri n'kuziphatikiza. Anautcha mkhalidwewu resonating valence bond, potengera ganizo la Linus Pauling la mmene maelekitironi amamangira benzene.

Chodabwitsa n'chakuti pa chitsanzo chimene iye anasankha sanalondole. Mawerengero a pa kompyuta a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 anaonetsa kuti masipini a pa makona atatu amapeza pothawira: amaima motalikirana madigiri 120, aliyense n'kulolera pang'ono, ndipo dongosolo limabwera. Ganizolo likanaiwalika pakanapanda Bednorz ndi Müller, amene mu 1986 anapeza kuti zinthu zina za mkuwa ndi okosijeni zimadutsitsa magetsi popanda chopinga pa kutentha kokwera kuposa mmene anthu ankayembekezera. Chaka chotsatira Anderson anabwezeretsa ganizo lake lija pofuna kufotokoza zimenezi, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri analowa m'nkhaniyi.

Wophunzira_Fizikisi:
Zikomo achimwene. Koma ndikadali ndi chikaiko. Chinthu chilichonse cha maginito chikatentha masipini ake sakhalanso ndi dongosolo. Ndiye munthu akayeza n'kupeza kuti dongosolo palibe, angasiyanitse bwanji chinthu chodabwitsachi ndi chinthu wamba chimene changosokonekera?

Wamasamu:
Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Kusowa kwa dongosolo si tanthauzo lenileni la quantum spin liquid, ngakhale kuti mabuku ena amayambira pamenepo. Tanthauzo lake ndi kulukana kwa kwantamu, entanglement, kofika kutali, kumene sikungamasulidwe pokonza masipini ochepa a pa malo amodzi. Xiao-Gang Wen, cha m'ma 1989 ndi 1990, anaonetsa kuti limeneli ndi dongosolo la mtundu wina, limene analitcha topological order, losaoneka mukayang'ana sipini imodzi kapena awiri.

Chizindikiro chake chogwirika ndi mmene chinthucho chimayankhira mukachiponyera mphamvu. Mu maginito wamba, nyutironi ikagunda n'kutembenuza sipini imodzi, sipini yonse imasintha ndi 1, ndipo kusinthako kumayenda m'kristalo ngati funde limodzi lotchedwa magnon. Popeza ndi kanthu kamodzi, mphamvu yake ndi liwiro lake n'zomangirirana, ndipo pa chithunzi cha zotsatira pamaoneka mzere wakuthwa. Mu quantum spin liquid nyutironi imathyola singlet imodzi, pamatsala masipini awiri a 1/2 opanda mnzawo, ndipo chifukwa chakuti ma singlet ena onse angathe kusinthana malo popanda kulipira mphamvu, awiriwa amatha kupatukana n'kupita kutali, aliyense njira yake. Timawatcha ma spinon. Mphamvu ya nyutironi ija agawana awiri mwa njira iliyonse imene ingatheke, choncho m'malo mwa mzere pamaoneka chimtambo chofalikira.

Mu unyolo wa masipini a mzere umodzi zimenezi n'zosatsutsika. Hans Bethe anathetsa masamu ake mu 1931, Faddeev ndi Takhtajan anaonetsa mu 1981 kuti tinthu take tili ndi sipini ya 1/2, ndipo chimtambocho chinaonedwa ndi manyutironi mu KCuF3 m'zaka za m'ma 1990. Mkangano uli pa zinthu zimene masipini ake ayala ngati mphasa kapena adzaza mbali zonse zitatu.

Wa_mu_Labu:
Ndiyankheko funso lachiwiri lija, lakuti kodi chinafika m'manja mwa munthu, chifukwa ine ntchito yanga ndi yokulitsa makristalo ndi kuwayeza. Chinthu chimene chimatchulidwa kwambiri ndi herbertsmithite, ZnCu3(OH)6Cl2, mwala wobiriwira umene unapezeka koyamba ku Chile ndipo unapatsidwa dzina la katswiri wa miyala wa ku Britain, Herbert Smith. Gulu la Daniel Nocera ku MIT linaupanga mu labu mu 2005. Maatomu ake a mkuwa, aliyense ndi sipini ya 1/2, ayala pa ukonde wotchedwa kagome, dzina lochokera ku kalukidwe ka madengu a nsungwi a ku Japan. Pa ukonde umenewu makona atatu amakhudzana pa nsonga pokha osati m'mbali, choncho dongosolo la madigiri 120 limene achimwene atchula silitha kulamulira kristalo yonse, popeza kagulu kamodzi kakasankha sikakakamiza kotheratu kagulu kotsatira.

Manambala ake ndi amene amachititsa chidwi. Mphamvu ya kukokana kwa masipini ikufanana ndi kutentha kwa pafupifupi makelvini 180, kotero kuti mukanayembekezera dongosolo pa makelvini makumi angapo. Koma mu 2007 anayeza ndi ma muon, tinthu timene timalowetsedwa m'kristalo n'kumva maginito a pamalo pamene taima, ndipo sanapeze kuundana kulikonse mpaka pa milikelvini 50. Kusiyana kumeneku ndi kwa masauzande. Kenaka mu 2012 gulu la Young Lee, litakwanitsa kukulitsa makristalo aakulu, ntchito imene imatenga miyezi yambiri, linaponya manyutironi ndipo linapeza chimtambo chija, popanda mzere wakuthwa wa magnon.

Sindibisa chilema chake. Zinki amayenera kukhala pakati pa mphasa za kagome kuti azilekanitse, koma pa malo a zinki 100 aliwonse, pafupifupi 15 amakhala kuti alandidwa ndi mkuwa, ndipo mkuwa wosokerawu uli ndi sipini yakeyake imene imaphimba zonse pa mphamvu zotsika, pamene ndi pomwe yankho labisala. N'chifukwa chake funso losavuta kufunsa, lakuti kodi pali mpata wa mphamvu umene uyenera kulumphidwa kuti ma spinon abadwe, likadali pa mkangano. Muyeso wa NMR (njira yomvera maginito a m'kristalo kudzera m'mitima ya maatomu) pa okosijeni-17 wa mu 2015, wa gulu la Takashi Imai ku McMaster, unati mpata ulipo. Muyeso wina wa NMR wa mu 2020, wa gulu la Philippe Mendels ku Orsay, unati palibe.

Wokayika:
Achemwali mwachita bwino kutchula chilemacho, chifukwa ine ndi pamene ndimaima. Chimtambo cha manyutironi si chidindo cha ma spinon. Kristalo yosokonekera, imene J yake ikusiyana malo ndi malo, ingathe kupanga ma singlet ongoti mbwee, omangika pa malo amodzi, osaundana ngati maginito ndiponso opereka chimtambo, popanda kulukana kulikonse kofika kutali. YbMgGaO4 inalengezedwa mu 2015 ndi 2016 ngati quantum spin liquid ya pa makona atatu, chimtambo chili pomwepo, koma magnesium ndi gallium zimasinthana malo mwachisawawa m'kristalo imeneyo, ndipo mu 2017 mawerengero a gulu la Chernyshev ndi White anaonetsa kuti chisokonezo chokhacho chingatsanzire zizindikiro zonsezo.

Nkhani ya mchere wa kaboni ndi yowawa kuposa pamenepa. Mu 2003 gulu la Kazushi Kanoda ku Tokyo linapeza kuti kristalo ya mcherewu, κ-(BEDT-TTF)2Cu2(CN)3, ilibe dongosolo mpaka pa milikelvini 32, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 inali chitsanzo choyamba m'nkhani iliyonse. Aliyense ankadziwa kuti pa makelvini 6 pamachitika kanthu kosamveka, koma ambiri ankangokalambalala. Mu 2021 gulu la Martin Dressel ku Stuttgart linayeza ndi electron spin resonance, njira yomvera masipini a maelekitironi mwachindunji, n'kupeza kuti pansi pa makelvini 6 amenewo masipini amatsekeka m'ma singlet ndipo mpata umatseguka. Mnzake wa mcherewu, EtMe3Sb[Pd(dmit)2]2, mu 2010 anaoneka kuti amadutsitsa kutentha ngati chitsulo ngakhale sadutsitsa magetsi, zimene zinatengedwa ngati umboni wa ma spinon oyenda momasuka. Mu 2019 magulu awiri osiyana, lina ku Sherbrooke lina ku Fudan, anabwereza muyesowo ndipo sanapeze zimenezo. Ine sindikunena kuti alipo ananama. Ndikunena kuti umboni wambiri m'nkhaniyi ndi wa zimene sizinaoneke, ndipo umboni woterewu umagwa msanga.

Wamasamu:
Pa zinthu za mu labu sinditsutsa, koma mnzathu wophunzirayu asachoke ndi maganizo akuti ganizo lenilenilo ndi lokayikitsa. Mu 2006 Alexei Kitaev anafalitsa chitsanzo cha masipini a 1/2 pa ukonde wonga chisa cha njuchi, chimene masamu ake amatheka ndendende popanda kuyerekeza kulikonse. Pamenepo palibe makona atatu. Sipini iliyonse ili ndi anzake atatu, ndipo woyamba akufuna kuti agwirizane motsata mbali ya x, wachiwiri ya y, wachitatu ya z, zimene sipini imodzi singachite pa nthawi imodzi. Yankho lake ndi quantum spin liquid yeniyeni, mmene sipini imagawika kukhala tinthu toyenda totchedwa ma fermion a Majorana, komanso tinthu tina tokhala pakati pa zipinda za chisacho. Mukaika maginito ochokera kunja, pamabadwa tinthu totchedwa anyon timene timasunga mbiri ya mmene tazungulirana, ndipo ndi chifukwa chake opanga makompyuta a kwantamu amaitsatira nkhaniyi, popeza uthenga wosungidwa motero suwonongeka ndi phokoso la pa malo amodzi. Mu 2009 Jackeli ndi Khaliullin anaonetsa kuti maatomu olemera ngati iridium angapereke kukokana kwa mtundu umenewu m'kristalo yeniyeni.

Ndivomereze kuti nafenso a masamu tili ndi mkangano wathu. Pa kagome, mawerengero a Yan, Huse ndi White a mu 2011 anapeza mpata, pamene ena, motsatira ganizo la Ran, Hermele, Lee ndi Wen la mu 2007, amapeza kuti mpata palibe. Mikhalidwe iwiriyi imasiyana mphamvu pang'ono zedi, ndipo makompyuta amakwanitsa timizere topapatiza tokha.

Wa_mu_Labu:
Popeza Kitaev watchulidwa, ndinene za α-RuCl3, imene ndaigwirapo ndi manja anga. Timaikulitsa m'chubu cha galasi la quartz chotsekedwa, mbali imodzi yotentha kuposa inzake, ndipo imatuluka ngati timapepala takuda tonyezimira, tofewa moti timasendeka ngati graphite. Payokha si quantum spin liquid, chifukwa pa makelvini 7 masipini ake amaima m'mizere yokhotakhota. Koma mukaika maginito a matesla 7 kapena kuposerapo pang'ono motsata mphasa zake, dongosololo limatha, ndipo funso ndi lakuti chimene chatsalacho n'chiyani.

Kristalo yanga yoyamba yabwino ndinaiwononga ndekha. Nditaiyeza koyamba inaonetsa nsonga imodzi yakuthwa pa chithunzi cha zotsatira, pa makelvini 7, chizindikiro cha kuima kwa masipini kuja. Poisamutsira pa chipangizo china ndinaikanikiza pang'ono ndi kopanira kuti imatirire, mwakuti ndi maso simukanaona kusintha kulikonse, koma nditayezanso panatulukira nsonga yachiwiri pa makelvini 14 ndipo yoyamba ija inafupika. Mphasa zake zinali zitatsetsereka n'kusanjikizana mwa njira ina. Ndinataya milungu ingapo ndikuganiza kuti chipangizo ndicho chalakwa, kufikira mnzanga wina atandikumbutsa kuti nsonga ya pa 14 imadziwika kale ngati chizindikiro cha kusanjikizana kolakwika.

Ndanena zimenezi kuti mumvetse mkangano wa mu 2018. Gulu la Yuji Matsuda ku Kyoto linadutsitsa kutentha m'kristaloyi ili m'maginito, n'kuyeza kutentha kumene kunakhotera m'mbali, ndipo linati kukula kwake kunaima pa theka ndendende la mlingo wodziwika wa quantum Hall effect (mmene kukhotera m'mbali kotere kumabwera m'milingo yokhazikika), monga mmene chitsanzo cha Kitaev chimanenera ngati Majorana akuyenda m'mphepete. Umenewu ukanakhala umboni wa chinthu chooneka, umene achimwene okayika akuufuna. Koma gulu la Phuan Ong ku Princeton linapeza kuti kukhotako kumasintha ndi kutentha popanda kuima pa theka, ndipo gulu la Louis Taillefer ku Sherbrooke linati mbali yaikulu ingakhale ikunyamulidwa ndi kunjenjemera kwa maatomu. A ku Kyoto amayankha kuti thekalo limaoneka m'makristalo oyera kwambiri okha. Nditaona zimene kopanira kanga kanachita, yankho limenelo sindiliseka, ngakhale kuti silinandikhutiritse.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndalandira ndi manja awiri kukonzedwa kuja kwa Wamasamu pa mawu anga akuti kugwedezeka. Ndifunseko inenso: ndinamva kuti ku Harvard anapanga mkhalidwe wa quantum spin liquid ndi maatomu ogwidwa ndi kuwala. Kodi zimenezo sizinathetse nkhani?

Wamasamu:
Zinachitikadi aphunzitsi, mu 2021, m'gulu la Mikhail Lukin. Anagwira maatomu 219 a rubidium ndi nyali za leza, aliyense pa malo ake, n'kuwayala pa timizere tolumikiza ukonde wa kagome. Atomu ikakwezedwa kufika pa mkhalidwe wa mphamvu yokwera kwambiri wotchedwa Rydberg imaletsa oyandikana nayo kukwera, ndipo lamulo limeneli limafanana ndi logawa masipini awiriawiri lija. Ubwino wake ndi wakuti amatha kujambula atomu iliyonse payokha, choncho anayeza mwachindunji kugwirizana kwa maatomu motsata njira zozungulira zazitali, chinthu chimene nyutironi singachite m'kristalo. Chaka chomwecho gulu la Google linakonza mkhalidwe wa toric code, chitsanzo china cha Kitaev, pa ma qubit 31, tinthu tosungira uthenga m'kompyuta ya kwantamu.

Wokayika:
Ntchito imeneyo ndi yokongola, koma yayankha funso lina. Maatomu a ku Harvard anakankhidwira mu mkhalidwewo mofulumira n'kujambulidwa patangopita kanthawi kochepetsetsa, ndipo mawerengero otsatira anaonetsa kuti pa makonzedwe amenewo mkhalidwe wa mphamvu yotsikitsitsa sungakhale umene anaujambulawo. Mwana uja anafunsa za chinthu chimene chimalowa chokha mu mkhalidwewu chikangoziziritsidwa. Pa funso limenelo yankho langa ndi lakuti herbertsmithite ili pafupi kuposa zina zonse, koma sindingaikepo dzina langa kufikira munthu atakulitsa kagome yopanda mkuwa wosokera, kapena magulu atatu osadalirana atapeza nambala imodzi pa muyeso umodzi.

Wophunzira_Fizikisi:
Ndathokoza nonse. Ndayesa kuwerengetsa makona atatu aja aphunzitsi anandijambulitsa, koma ndi masipini a kwantamu. Ndapeza kuti mivi yotalikirana madigiri 120 imapereka −3J/8, pamene singlet imodzi ndi sipini yachitatu yomasuka zimapereka −3J/4. Kodi ndalondola, ndipo ngati singlet yapambana chotere, bwanji ukonde wonse wa makona atatu unasankha madigiri 120?

Wamasamu:
Mwalondola, ndipo −3J/4 imeneyo ndiyo mphamvu yotsikitsitsa yeniyeni ya masipini atatuwo, yokhala ndi mikhalidwe inayi yofanana. Tsopano werengetsani pa sipini iliyonse ya ukonde wonse. Pa ukonde wa makona atatu sipini ili ndi anzake 6, ndiye kuti timizere 3 pa sipini iliyonse, kamzere kalikonse −J/8, zonse pamodzi −3J/8. Ma singlet osasuntha amapereka −3J/4 pa masipini awiri, imenenso ndi −3J/8. Zafanana ndendende, ndipo wopambana amadziwika pokhapokha mbali zonse ziwiri zitawonjezeredwa kusakanikirana kwa kwantamu, kumene kunakomera madigiri 120. Bwerezani mawerengero omwewo pa kagome, pamene sipini ili ndi anzake 4 okha, mutiuze chimene mwapeza.